Phukusi la a Kampanje

A Simioni anabwerera chafutambuyo mpaka chidendene chawo chinagunda ndowa imene inali pakhomo la kuchipinda. Thiranki ya malemu akulu awo inali chitsegukire. Jekete lakuda limene ankafuna kuti akaveke mtembo linali m'manja mwawo, koma maso anali pa chinthu china chimene chinagona pansi penipeni pa thirankiyo.

"Alamu, tabwerani kuno," anatero motsitsa mawu. "Ichi n'chiyani?"

Amene anayamba kufika anali Benedicta, mwana woyamba wa malemuwo, ndipo pambuyo pake panabwera mayi ake, a Enelesi, akumanga chitenje pachifuwa. A Keti, mayi wa nyumba yoyandikana nayo amene ankathandiza kusesa pasiwa, anasuzumiranso. Apo ndi pamene zinalakwikira, pakuti a Keti ndi munthu wabwino mtima, koma chimene chalowa m'maso mwawo sichichedwa kutulukira pakamwa.

Chinthucho chinali chotalika ngati mkono, kuchokera pachigongono kufika kuzala, chotupa pakati ndi chowonda kumapeto. Chinali chokulungidwa ndi timizere ta nsalu yoyera imene inasanduka yofiirira chifukwa cha zaka. Timizereto tinapingasana mwaluso ngati maluko a mkeka. Chinkanunkhira mchere ndi phula la njuchi. Kamzere kamodzi kanali katamasuka, chifukwa a Simioni anakakoka asanazindikire chimene agwira, ndipo tsopano ankapukuta dzanjalo pabuluku lawo mobwerezabwereza.

"Ine sindinachionepo," anatero a Enelesi. "Thiranki imeneyi ankatsegula okha. Kiyi ankayenda naye m'thumba."

"Zaka makumi atatu ndi zinayi m'nyumba imodzi, osachionapo?"

"Ndanena kuti sindinachionepo, alamu."

Linali Lachitatu m'mawa. A Gilford Kampanje, mphunzitsi wopuma pantchito, anamwalira dzulo lake ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Thupi lawo linali kumochale ku boma la Mangochi, ndipo maliro anayenera kuikidwa Lachisanu kuno ku Nkope, kwawo kwa akazi awo, kumene iwo anakhala kuyambira pamene boma linawatumiza kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata wa tayi imodzi. Zonse zinali zitakonzeka. Akwaya anali atasankha nyimbo, adzukulu anali atauzidwa pokumba. Koma dzuwa lisanafike pamutu, phukusi lija linali litazungulira mudzi wonse pamilomo ya anthu, ndipo linkakula paliponse pamene lafika. Kumsika ankati ndi chithumwa. Kudoko, kumene asodzi ankasoka maukonde, ankati limapuma. Pamjigo ankanong'onezana kuti ndi mkono wa mwana, ndipo wina anafunsa kuti kodi mphunzitsi wamba amaphunzitsa bwanji ana atatu mpaka ku koleji ngati sanakhwime.

Benedicta anamva zonsezi ali chikhalire pamkeka pakati pa amayi, ndipo zinamupweteka kuposa imfa imene. Bambo ake ankawakonda mosabisa. Ankadziwanso chinthu chimodzi chimene enawo sanachidziwe, choti kakulungidwe kaja kanali ka ku Igupto.

A Kampanje ndi Igupto anali ngati munthu ndi malaya ake. Anaphunzitsa mbiri yakale zaka zonse za ntchito yawo, koma ana a Fomu 1 ankadziwa kuti akangofika pa mtsinje wa Nailo, belu lilibenso ntchito. Ankafotokoza mmene anthu akale aja ankaumitsira mitembo ndi mchere kwa masiku makumi anayi, n'kuikulunga m'nsalu zambirimbiri. "Ubongo ankachotsa kudzera m'mphuno n'kutaya," ankatero, akuloza mutu wa mwana wina amene walephera mayeso. "Ndiye usade nkhawa, Oscar, kumeneko ukanakhala bwana. Koma mtima ankausiya momwemo. Ankati munthu ndi mtima."

Benedicta atamaliza maphunziro n'kuyamba ntchito yojambula mafupa pa chipatala china cha eni ake ku boma, bambo ake anaona ngati boma lawapatsa mendulo. Loweruka lililonse akabwera kumudzi, awiriwo ankakhala pakhonde, mitu itagundana pa foni, kuonera akatswiri akulowetsa mitembo ya ku Igupto m'makina ounikira m'thupi. Makinawo ankaonetsa mano obooka a mfumu ina, mitsempha yotsekeka ya mayi wolemera, mwendo umene unathyoka n'kupola zaka zikwi zitatu zapitazo. Ankaonetsanso tizinthu tamtengo wapatali timene ankabisa pakati pa nsalu, makamaka pamtima. Nthawi zina sanali munthu ayi, koma mphaka, mbalame, ngakhale ng'ona.

"Waona, Bene," ankatero a Kampanje akugwedeza chala. "Kale azungu ankang'amba nsalu zonsezi ngati akusenda nthochi. Chipongwe chenicheni. Koma makina akowa amaona mwaulemu. Amaodira, amaona, n'kumusiya munthu ali chivalire."

Ndiye Benedicta anadziwa kumene luso lija linachokera. Chimene sanadziwe ndi chimene chinali mkati. Ndipo poti mantha ndi matenda opatsirana, iyenso anayamba kudzifunsa mafunso amene anachita nawo manyazi. Ngati n'chinthu chabwino, bambo anachibisiranji? Anamuuza zonse za mafumu a ku Igupto, koma za phukusi la m'nyumba mwawo momwe sanatchulepo ngakhale kamodzi.

Chakumasana kunabwera a Willard, mkulu wa mpingo, atapanira chipewa m'khwapa. Anali munthu wofatsa amene sankakonda milandu, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti atumidwa kudzanena zimene sakuzifuna. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba pamodzi ndi a Simioni, a Enelesi ndi Benedicta.

"Mayi, ine malemuwa ndinkawadziwa," anayamba. "Tayimba limodzi, tamanga limodzi tchalitchi chija. Koma mukudziwa lamulo la mpingo. Munthu amene wapezeka ndi zoterezi sitimuyimbira, abusa sabwera. Akwaya ena ayamba kale kukana. Nkhaniyi ikapanda kuyera pofika mawa madzulo, Lachisanu muika nokha."

A Enelesi sanalire. Anangoyang'ana pansi, akupotokola mphete yawo pachala.

"Tingochitentha," anatero a Simioni. "Apemphere, tithire parafini, zithe."

"Tikatentha ndiye kuti tavomera," anayankha Benedicta.

"Ndiye titsegule, aliyense aone," anatero a Willard.

A Simioni anadzuka pampando. "Atsegule ndani? Ine ndangokoka kansalu kokha, dzanja ili lachita dzanzi mpaka pano. Mukufuna maliro awiri? Achimwene ndinkawakonda, a Willard. Anandiphunzitsa sukulu ndi iwowa. Koma munthu sumudziwa mkati mwake."

"Palibe amene adule chimene bambo a Bene anamanga ndi manja awo," anatero a Enelesi mosakweza mawu. "Kaya n'chabwino, kaya n'choipa. Anachisunga osachimasula, inenso sindichimasula."

Kutsogolo kwa nyumba amayi anayamba nyimbo, koma inayimbidwa ndi anthu ochepa ndipo inafera panjira.

"Tikhoza kuona mkati popanda kutsegula," anatero Benedicta. "Ndiyo ntchito yanga. Mawa m'mawa ndipita nacho ku boma, ndikachijambule ndi makina a ekisireyi. Bambo aang'ono apite nane, adzachitire umboni kuti sindinasinthe kanthu."

"Zinthu zimenezi sizijambulika," anatero a Simioni.

"Zikakana kujambulika, mudzatenthe."

A Willard anavala chipewa chawo mofulumira, ngati munthu amene watula katundu wolemera. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo adikira mpaka mawa.

Amuna atachoka, Benedicta anatsala ndi mayi ake. A Enelesi anali mwana wa msodzi, mayi wolimba amene anakulira pakati pa maukonde ndi mathandala oyanikira usipa, ndipo sankachita mantha ndi za kumsika. Benedicta anadabwa kuona kuti akupotokolabe mphete ija pachala.

"Amayi, mukuganiza kuti bambo anali ndi chithumwa?"

"Bambo ako? Munthu wothawa nkhuku ikamaphedwa?" A Enelesi anaseka pang'ono, kenako kusekako kunazima. "Ine za ufiti sindikuopa, Bene. Ndikuopa Chiponde."

Benedicta anaimvapo nkhani ya Chiponde, koma mwapatalipatali, monga mmene ana amamvera nkhani za makolo kudzera pakhoma. Iye ali ndi zaka zitatu, bambo ake anasamutsidwira kusukulu ina ya kumalire kuja, kufupi ndi Chiponde. Kunalibe nyumba ya mphunzitsi wa banja, choncho anapita okha ndipo anakhalako zaka ziwiri, kumabwera patchuthi pokha.

"Anapita ndi mphete ya ukwati pachala," anatero a Enelesi. "Pobwera tchuthi choyamba, chala chinali chopanda kanthu. Ndinafunsa. Anati, 'Ili pamalo abwino.' Ndinafunsanso chaka chinacho, yankho lomwelo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mwana wanga, 'Ili pamalo abwino.' Iwe ndiwe wamkulu tsopano. Ukudziwa chimene mwamuna amavulira mphete akakhala kutali ndi kwawo."

"Munawafunsa za mkazi?"

"Sindinafunse. Ndinaopa kuti andiyankha." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Anandisunga bwino, sananditukwanepo, sanagonepo kunja chibwerereni. Ndinamukhululukira mlandu umene sanavomere. Koma thiranki ija anabwera nayo kuchokera komweko, ndipo kuyambira pamenepo ndi pamene anayamba kukhoma. Ngati muli za mkazi uja, kaya tsitsi lake, kaya chiyani, udzandiuze ndekha. Usadzandiuze pagulu."

Lachinayi m'mawa Benedicta anakulunga phukusi lija m'thaulo, n'kuliika m'chikwama chake cha kuntchito. Mu minibasi yopita ku boma, iye anakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo. A Simioni analimbirana mpando wakutsogolo ndi mayi wina wa dengu la tomato mpaka anapambana, ndipo ulendo wonse sanacheuke. Atatsika, anakana kuti akwere kabaza woyandikana ndi wa Benedicta. Anati wawo atsogole patali.

Mkulu wa chipatalacho, mayi wachikulire amene anabwera kudzapepesa maliro Lachiwiri, anamvetsera nkhani yonse ali chiimire. Anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Pazaka zanga zonse ndajambulitsa anthu omeza ndalama, singano, ngakhale mbedza," anatero. "Chithumwa sindinajambulitsepo. Odwala akatha pamzere, makina ndi ako."

Anadikira mpaka wodwala womaliza, bambo wothyoka phewa pa njinga yamoto, atatuluka. Benedicta anayala pepala loyera patebulo, n'kugoneka phukusi lija mosamala monga amagonekera khanda. Anakonza makina, anayeza kutalika, anachepetsa mphamvu poti chinthucho chinali chaching'ono. Manja ake anachita zonsezi okha, pakuti mutu unali kwina. Anaitana a Simioni kuti aime naye kuseli kwa khoma lotchinga. Chala chili pabatani, anazindikira kuti akupemphera, ndipo pemphero lake linali lalifupi: bambo anga akhale amene ndinkawadziwa.

Makina analira kamodzi. Chithunzi chinayamba kutuluka pakompyuta, kuchokera pamwamba kutsika pansi.

Panaoneka mutu waukulu wa mafupa opyapyala, ndi bowo lozungulira pamene panali diso. Panaoneka msana wautali, minga itandandalika mbali zonse ziwiri ngati mano a chipeso, mpaka kumchira wotambasuka. Munthu aliyense wa ku Mangochi, ngakhale mwana wosayamba sukulu, akanachidziwa.

A Simioni anasendeza nkhope pafupi ndi kompyuta. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Chambo," anatero.

"Chambo, bambo aang'ono."

"Chambo chenicheni, chodyedwa ndi anthu?"

Benedicta anafuna kuyankha, koma chimene chinatuluka chinali kuseka kosakanizika ndi kulira, ndipo anakhala pansi pomwepo, msana utatsamira khoma. A Simioni anavula chipewa, n'kukhala pampando wa odwala. Dzanja lija la dzanzi linali litachira osawauza.

"Ndine chitsiru ine," anatero a Simioni. "Ndimayenera kukumbukira. Tili ana ku Ntcheu, kamwanapiye kathu kanafa. Achimwene anakaika m'chibokosi cha sopo, n'kutiitana tonse kumaliro. Ine ndinali m'busa. Makolo anatikwapula tonse awiri tsiku limenelo." Anapukuta mphuno. "Ndi munthu ameneyo ndimafuna kumuthira parafini dzulo."

Kenako analoza pachithunzi. "Nanga izi zowalazi?"

Benedicta anali ataziona kale. Pa ekisireyi chitsulo chimawala kuposa fupa, ndipo panali zitsulo ziwiri. China chinali kawaya kowongoka, kopindidwa ngati ndowe, kolowa pakamwa pa nsombayo n'kutulukira m'makha. Chinacho chinali pansi pa mutu, kuseli kwa makha, pamene pamakhala mtima wa nsomba. Chinali chozungulira bwinobwino, choboola pakati.

"Ichi ndikauza amayi poyamba," anatero Benedicta. Anasindikiza chithunzicho pa filimu yaikulu, n'kuiika mu envulopu. Pobwerera, a Simioni ananyamula okha chikwama chija, ndipo mu minibasi anachiika pamiyendo pawo.

Anafika ku Nkope dzuwa likuswa mtengo. Anthu pasiwa anali ochuluka kuposa dzulo, ndipo tisanamizane, si onse amene anabwera kudzalira. Benedicta anadutsa pakati pawo osayang'ana kumbali, n'kukapeza mayi ake kuchipinda. Anatseka chitseko, anatsegula zenera, n'kugwira filimu ija moyang'anitsa kudzuwa.

A Enelesi anayang'ana. Mwana wa msodzi sachita kuuzidwa chambo. Koma maso awo sanakhalitse pa minga. Anapita pa kawaya kaja, ndipo anakatsata ndi chala kuchokera pakamwa mpaka m'makha.

"Iyi ndi sipoko ya njinga," anatero pang'onopang'ono. "Sipoko ya njinga ya agogo ako. Ndinapinda ndine."

"Inu, amayi?"

"Tsiku limene ankanyamuka kupita ku Chiponde. Linali Lamulungu. Agogo ako anabwera ndi nsomba m'mawa, ndipo ine ndinasankha chambo chachikulu pa zonse kuti bambo ako akadye akafika. Mlaza womangira unasowa, matola akuimba hutala kumsewu. Ndinangotola sipoko yothyoka, kupinda, kulowetsa m'makha, n'kuwapatsa m'manja." Anatembenukira Benedicta. "Patapita sabata ziwiri kunabwera kalata. Analemba kuti nsomba ija inakoma kwambiri, anadya mpaka mutu. Kalatayo ndikadali nayo."

"Sanadye, amayi."

"Ndaona kuti sanadye. Wabodza." Liwu limeneli analitchula mofewa, ngati dzina lachibwana. Kenako chala chawo chinatsika, n'kuima pa chinthu chozungulira chija. Sanafunse kuti n'chiyani. Anaika dzanja lawo lamanzere pambali pa filimuyo, ndipo mphete ziwirizo zinayandikana, ina pachala, ina m'chithunzi.

"Pamenepo ndi pamtima pa nsomba," anatero Benedicta. "Bambo ankati anthu a ku Igupto ankaika chinthu chamtengo wapatali pamtima, kuti mtimawo usasochere paulendo."

A Enelesi anakhala pabedi. Analira tsopano, kulira kumene sanalire Lachiwiri, ndipo Benedicta anawagwira mapewa. Atatonthola, anayamba kukalipa, misozi ikadali m'masaya.

"Munthu wamkulu, mphunzitsi wathunthu, kutenga ndiwo n'kuziveka nsalu. Chaka chimene chija mchere unali wovuta, iye n'kuthira wonse pa nsomba imodzi. Ndiye poti analemba kale kuti wadya, anachita manyazi kundiuza. Anasankha kuti ndimuganizire za akazi zaka zonsezi kusiyana n'kuti ndidziwe kuti anasewera ndi chambo changa." Anagwedeza mutu. "Ankandiopa bambo ako, Bene. Akanangonena, ndikanakalipa tsiku limodzi basi."

"Mwina ankafuna china chochokera m'manja mwanu choti azichiona kumeneko."

"Akanatenga chitenje, ngati anzake."

Anatuluka onse awiri. Filimu anaipereka kwa a Willard, amene anaigwira mozondoka mpaka a Simioni anawatembenuzira. Ndipo a Simioni omwewo, amene dzulo ankafuna parafini, ndi amene anaima pakati pa bwalo n'kufotokoza ngati anali nawo ku Igupto. Anatchula za mchere, za masiku makumi anayi, za ubongo wotayidwa, zonse zimene anaphunzira mu minibasi pobwerera. Filimu inayenda m'manja m'manja, aliyense akuikweza kudzuwa. Asodzi anatsutsana za kulemera kwa nsombayo, ndipo mkulu wina anati chambo chotere masiku ano sichipezekanso, a Kampanje anachita bwino kusungako chimodzi. Anthu anaseka, n'kukumbuka kuti ali pamaliro, n'kusekanso chamumtima. A Keti anauza aliyense kuti iwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti fungo lija linali la nsomba.

A Willard anapita kwa a Enelesi, chipewa m'manja. "Mayi, mutikhululukire. Mawa abusa abwera, ndipo kwaya yonse ibwera. Amene akane adzayankha kwa ine."

Lachisanu m'mawa bokosi linafika kuchokera ku boma, ndipo analilowetsa m'nyumba kuti abale aone nkhope. A Kampanje anagona mu jekete lawo lakuda, tayi itamangidwa mokhota pang'ono monga ankamangira okha. Panja kwaya inkayimba mwamphamvu ngati ikubweza ngongole ya Lachitatu. A Simioni anabwera ndi phukusi lija m'manja onse awiri, n'kugwada pafupi ndi alamu awo.

"Alamu, mukalola, Bene akhoza kuboola pang'ono ndi lumo, titulutse mphete, tiwaveke achimwene. Kapena tiike chonsechi m'bokosi, apite nacho."

A Enelesi analandira phukusilo. Anapeza kamzere kaja kamene kanamasuka Lachitatu, anakazunguliza potsata mmene tinzake tinayendera, pamwamba, pansi, pamwamba, n'kukalowetsa bwino mpaka sipanaonekenso pamene panamasuka.

"Nsombayi ndinawapatsa kuti adye, sanadye," anatero. "Ndiye yabwerera kwa mwini wake. Ikhala ndi ine."

Anaipereka kwa Benedicta kuti agwire. Kenako anayamba kuvula mphete yawo. Inakana, pakuti chala chinanenepa pa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo anachita kupaka sopo amene Benedicta anathamangira kukatenga. Itavuka, anaipukuta ndi chitenje, anawerama pabokosi, anatsegula jekete la amuna awo, n'kuilowetsa m'thumba la malaya, la kumanzere, mmene ankasungamo choko. Anakonza jekete, anawongola tayi ija, n'kusiya dzanja lawo pamenepo kanthawi. Adzukulu anadikira mpaka analichotsa okha.

Pobwerera kumanda, amayi anazungulira namfedwa monga mwa mwambo, wina atagwira mkono uku, wina uku. A Keti, amene anagwira dzanja lamanzere, anamva kuti chala n'chosalala. Anayang'ana, ndipo anaona mzere wotuwa pamene panali mphete.

"Mayi a Bene, mphete yanu. Mwina yagwera kumanda, tibwerere tikafune?"

Benedicta, amene anali pambuyo pawo, anamva mayi ake akuyankha osacheuka, osachepetsa ndawala.

"Ili pamalo abwino."